Musanalowe m'thanki kukachotsa makoko a mphesa

Kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Epulo, minda ya mphesa ya ku Stellenbosch, Paarl ndi Robertson imalemba aganyu ambiri, ndipo Amalawi sasowa pakati pawo. Eni dera nyengoyi amaitcha parstyd. Mukagwera m'nyumba yofululira vinyo, zambiri mudzazidziwa sabata yoyamba: kutsuka mapaipi, kukoka pampu, kuima maola 12 mapazi ali m'madzi. Magambutsi ndi R200 kapena R300 mwina, koma musatulutse ndalama yanu. Lamulo la chitetezo pantchito la 1993 limati zodzitetezera apereke ndi bwana, ulere.

Ntchito imene ndaona anthu akuilakwa chaka ndi chaka ndi yochotsa makoko. Vinyo wofiira, kaya Pinotage kaya Shiraz, amawira pamodzi ndi makoko ake kwa sabata kapena kupitirirapo. Akamutsanula, makoko amatsala pansi m'thanki, wina n'kulowa ndi fosholo kuwakankhira kukhomo kuti apite kokafinyidwa.

Chimene chimapha anthu m'menemo ndi mpweya. Lita imodzi ya madzi a mphesa ikamawira imatulutsa malita oposa 40 a carbon dioxide. Mpweyawu suoneka, ndipo ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho umadikha pansi, pomwe nkhope yanu imafika mukawerama ndi fosholo. Ukakwana magawo 10 pa 100 alionse, munthu amakomoka, nthawi zina asanakuwe n'komwe. Makoko nawo amatulutsabe wina mukamawatakasa, ngakhale vinyo atachoka kale.

Tsono tsegulani chivundikiro chapamwamba ndi khomo lapansi, muike fani yothamangitsa mpweyawo, ndipo isazime mpaka mutatuluka. Zimitsani pampu ndi chilichonse chozungulira m'thankimo, mukhome swichi, kiyi akhale m'thumba mwanu. Kenako pimani mpweyawo ndi kamakina kopimira carbon dioxide. Pimani pansi penipeni. Ambiri amangokagwira pakhomo, pomwe mphepo ikudutsa, n'kumati zili bwino. Kakaonetsa kupitirira 0.5 pa 100, dikirani, mupimenso. Mukalowa, kakhale pachifuwa panu mpaka mutamaliza. Kamakinako kamadya masauzande angapo a marandi, ndalama yochepa kwambiri pafamu yogulitsa vinyo kunja. Akakuuzani kuti palibe, inu musalowe.

Pali malangizo awiri amene amandipsetsa mtima, chifukwa amachokera kwa anthu okhalitsa pantchito amene anyamata amawakhulupirira. Ena amati yatsani kandulo, ikapanda kuzima mulowe. Kandulo imatha kuyakabe mumpweya woti inu ungakugwetseni. Ena amati ingogwirani mpweya, mulowe mwachangu mutole chimene chagwa. Mukaterereka pamakoko onyowa mudzapuma, mufune musafune. Kusuzumira chabe pachivundikiro cha thanki yowira kwakomolapo anthu.

Valani lamba wa thupi lonse womangidwa chingwe, ndipo panja pakhale munthu amene ntchito yake ndi kukuyang'anani basi. Asagwire paipi, asapite kukamwa tiyi, asaseweretse foni. Ndibwerezenso: asachoke. Mathirakitala a mphesa akandanda panja, kapitawo amafuna manja onse, ndipo woyamba kuitanidwa amakhala mlonda ameneyu. Akachoka, inunso tulukani.

Mukamva mutu kuwawa, chizungulire kapena kupuma mwabefu, siyani fosholo pomwepo. Musati ndimalizeko kaye kangodya aka.

Ndipo inu amene muli panja, mnzanu akagwa musalowe. N'kovuta kuima panja m'bale wako ali gone, makamaka ngati munachokera mudzi umodzi, koma ngozi zambiri zotere zimatenga anthu awiri chifukwa wachiwiri anathamangira kukapulumutsa. Kuwani, kokani chingwe, wina aimbe 112, ndipo mukamutulutsa mumugoneke pamphepo.

Makoko akatha, kutsuka n'kwachizolowezi: madzi, kenako caustic soda mutavala magolovesi ndi magalasi, madzi kachiwiri, citric acid, n'kutsukuluzanso. Khomo mulisiye lotsegula kuti thanki iume.