Nyali yobiriwira isakupusitseni

Ofesi ina inali ndi nyumba ziwiri zotalikirana mamita pafupifupi 300. Waya wa mkuwa wa Ethernet sugwira bwino ukapitirira mamita 100, ndipo kuuyala panja pakati pa nyumba ziwiri n'kudziitanira mphezi nthawi ya dzinja. Choncho anasankha faiba. Mnyamata amene anapatsidwa ntchitoyo anatenga kabolodi kokhala ndi tchipi ya Texas Instruments ya DP83869HM, imene imalandira uthenga wa pa mkuwa n'kuuponya pa faiba. Analumikiza zonse, nyali zinayaka zobiriwira, anayesa ping, yankho linabwera. Analongedza zida zake n'kumapita.

Posakhalitsa madandaulo anayamba. M'mawa, anthu asanachuluke, netiweki inkayenda. Aliyense akakhala pa kompyuta yake, fayilo yaikulu inkakwawa mpaka munthu kuiwala kuti amatumiza. Anadzudzula kampani ya intaneti, anasintha mawaya, koma ayi ndithu. Kenako magetsi anathima, ndipo atayakanso, nyumba yachiwiri ija inangoti zii, osalumikizananso. Tchipi inalibe vuto lililonse. Inkachita zimene anaiuza.

Tiyeni tiime pamene panalakwika, chifukwa inunso mukhoza kugwera pomwepo.

Faiba yawo inali ya 100BASE-FX, yothamanga 100 Mbps. Mtundu umenewu sukambirana ndi mnzake za liwiro. Chimene waikidwa n'chomwecho. Mnyamata uja ataona zimenezi anaganiza zomanga mbali ya mkuwa kuti ifanane ndi faiba. Anazimitsa auto-negotiation n'kukakamiza tchipi kuti ikhale pa 100 full duplex. Maganizo ooneka anzeru. Koma swichi ya mbali inayo ya waya anaisiya pa auto. Kodi swichi imatani ikafunsa koma osayankhidwa? Malamulo a IEEE 802.3 amailola kuzindikira liwiro pongomvetsera chizindikiro cha pa waya, koma duplex singaizindikire mwa njira imeneyi. Ndiye imasankha half duplex.

Apa ndiye pagona nkhani. Mbali ya full duplex imatumiza nthawi iliyonse imene yafuna, ngakhale ikulandira. Mbali ya half duplex ikamatumiza n'kumva wina akubwera, imati mwagundana, n'kudula uthenga wake pakati. Ping ndi kauthenga kakang'ono, kamadutsa msewu uli phee. Katundu akachuluka mbali zonse, mauthenga amaduka, amatumizidwanso, amadukanso. Nyali ili chiyakire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga n'chifukwa chiyani zinafera pa kuthima kwa magetsi? Tchipi imeneyi imagwira ntchito zosiyanasiyana: RGMII kupita ku mkuwa, RGMII kupita ku faiba, SGMII, komanso mkuwa kupita ku faiba pa 100 kapena pa 1000 Mbps. Pali njira ziwiri zoiuzira ntchito yake. Yoyamba ndi ma resistor a strap, amene imawerenga pa nthawi yoyaka kapena ya reset basi. Yachiwiri ndi kulemba m'ma register kudzera pa MDIO. Mnyamata uja analemba register 0x01DF ndi laputopu yake, osayang'ana ma strap a pa bolodi. Zolembedwa m'ma register zimapita ndi magetsi. Itayakanso, tchipi inawerenga ma strap n'kudzuka ili pa ntchito ina. Ndikufunseni: chipangizo chimene mwakonza dzulo, munachithimitsa n'kuchiyatsanso musanachoke? Kapena mukudikira kuti magetsi akuyesereni, inu muli kunyumba?

Zizindikiro zinalipo, anangosowa wozifunsa. Mukaona swichi yamakono ikunena kuti doko lili pa 100 half, imani pomwepo. Masiku ano half duplex siibwera yokha popanda chifukwa. Tsegulani ziwerengero za doko. Mukapeza ma late collision mbali imodzi, ma CRC error ndi mauthenga oduka mbali inayo, ndipo akungokwera, musagule waya wina. Ping ikamayenda koma fayilo ikukana, kapena liwiro likamasiyana kwambiri potumiza ndi polandira, kayikirani duplex musanakayikire munthu.

Palinso chizindikiro china chobisika. Faiba ikaduka, kodi nyali ya mbali ya mkuwa imazima? Ngati siizima, swichi yanu ipitiriza kuthira uthenga m'njira yakufa, ikuganiza kuti zonse zili bwino, ndipo ichedwa kutembenukira ku njira yapadera ngati ilipo. Ma media converter (zipangizo zolumikiza mkuwa ndi faiba) ambiri ogula m'sitolo ali ndi tima switch ta DIP, kamodzi kolembedwa LFP, kamene kamachititsa kuti mbali imodzi ikafa inayonso igwe. Munakayang'ana? Ndipo pa ambiri, mukasuntha kaswichiko magetsi ali oyaka, sikasintha kanthu mpaka mutazimitsa n'kuyatsanso.

Chimene anayenera kuchita si chovuta. Siyani auto-negotiation ili yoyaka ku mkuwa, koma muichepetsere zolengeza: mu register 4 musiye 100 full duplex yokha, mu register 9 muchotse 1000. Mukatero swichi imva yankho lomveka n'kugwirizana nalo. Ngati mwaumirira kukakamiza, kakamizani mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe pa chipangizocho kuti wobwera pambuyo panu adziwe. Pa 1000BASE-T musayese n'komwe kuzimitsa auto-negotiation, chifukwa ndi mmene mbali ziwirizo zimagwirizanirana kuti ndani atsogolere wotchi. Kumbukiraninso kuti tchipi ikakhala pa ntchito ya mkuwa kupita ku faiba siisintha liwiro: faiba ya 1000 imafuna mkuwa wa 1000. Ma strap muwaike molondola pa bolodi, kapena pakhale microcontroller yolemba ma register nthawi iliyonse magetsi akayaka.

Musanasaine kuti ntchito yatha, tumizani fayilo yaikulu mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kapena yesani ndi iperf. Werengani ziwerengero za madoko onse. Zulani faiba muone ngati swichi yazindikira, koma osasuzumira m'kamwa mwa faibayo, chifukwa kuwala kwa 1310 nm sikuoneka ndi maso koma kukhoza kuwavulaza. Pomaliza zulani pulagi ya magetsi, mubwezeretse, muyambirenso mayeso onse. Zikakanika inu muli pompo, mukonza tsiku lomwelo. Zikakanika mutachoka, dzina limene adzatchule ndi lanu.