Alamu akufuna kunditumizira pulazima kuchokera ku Joni

FUNSO

Alangizi,

Ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Pakhomo pathu timaonerabe TV yakale ija yotupa kumbuyo. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni andiimbira kuti abwana awo akugulitsa pulazima ya mainchesi 50 pamtengo wozizira, ndipo ndikatumiza ndalama aipereka kwa thiransipota. Akuti ndi ya HD, imaonetsa mpaka thukuta la osewera mpira. Koma mnzanga wa kuntchito wandiopseza kuti pulazima imatha gasi, imapsa galasi, ndiponso imadya mayunitsi ngati mbaula. Mayi akunyumba akuti tiwonjezere ndalama tikagule yatsopano ku Limbe. Ndimvere ndani? Nanga ikafika ndiisamale bwanji?

Wowerenga wanu,
Chirimba

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Musanatumize ngakhale tambala, apempheni alamu ajambule kachikalata komata kumbuyo kwa TV imeneyo akutumizireni pa WhatsApp. Theka la mayankho anu lili pamenepo. Kuno kwathu TV iliyonse yophwatalala timangoti pulazima, pomwe zimene zadzaza m'masitolo lero ndi za LED. Pulazima yeniyeni mudzaizindikira ndi chilembo P pa nambala ya mtundu wake. Za Samsung zimayamba ndi PS kapena PN, za Panasonic zambiri ndi TH-P kapena TX-P, ndipo pa za LG chilembocho chimatsatira nambala ya mainchesi, monga 50P. Imalemera, kumaso kwake ndi galasi lolimba, ndipo ikayaka kwa kanthawi dzanja limamva kufunda mukaliyandikiza.

Ikakhala pulazima yeniyeni, dziwani kuti ndi nkhalamba. Kampani ya Pioneer idalengeza mu 2009 kuti ikusiya kupanga, ndipo pofika kumapeto kwa 2014 Panasonic, Samsung ndi LG onse anali atasiyanso. Ndiye kuti imene mukuuzidwayo yapitirira zaka 10, kaya abwanawo ankaipukuta tsiku lililonse. Adasiya osati chifukwa choti inkaonetsa moipa ayi. Pa mtundu wakuda weniweni, pa mpira wothamanga, ngakhale pa kuonera uli chapambali, pulazima inkaposa ma LED ambiri a nthawi yake, ndipo alipo anthu amene mpaka lero amaikakamira pa chifukwa chomwechi. Idagonja chifukwa LED inali yopepuka, yowala kwambiri m'sitolo, yosadya magetsi, komanso mtengo wake unkatsikabe.

Za gasi zija mnzanuyo wamva zam'maluwa. Mkati mwa galasi muli timaselo tambirimbiri tokhala ndi mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akadutsa, mpweyawo umatulutsa kuwala kumene kumayatsa utoto wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, n'kupanga chithunzi. Mpweyawo adautsekera ku fakitale, sutha ndipo suwonjezeredwa. Mmisiri akadzakuuzani kuti mubweretse ndalama akathire gasi, nyamulani TV yanu muzipita. Chimene chimachitika ndi chakuti utotowo umazilala pang'onopang'ono. Opanga ankati zomaliza kupangidwa zimatha maola 60,000 mpaka 100,000 kuwala kusanatsike ndi theka. Koma kawirikawiri chimayamba kufa si galasi, ndi mabodi a magetsi a mkati, ndipo poti zatsopano sizipangidwanso, mmisiri amadalira kuphwasula TV ina yakufa kuti apeze chosinthira.

Pa mayunitsi, mnzanuyo wanena zoona, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi ndi cholembera. Pa kachikalata kaja pali nambala yotsatana ndi chilembo W. Pulazima ya mainchesi 50 si zachilendo kuipeza yolembedwa 300 W kapena kuposerapo, pomwe LED ya msinkhu womwewo imadya magetsi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Tiyerekeze kuti yanu ikudya 300 W ndipo ikuyaka maola 5 patsiku. Imeneyo ndi yunitsi imodzi ndi theka patsiku, mayunitsi 45 pamwezi. LED ya 80 W pa maola omwewo ndi mayunitsi 12. Nambala yolembedwayo ndi ya pamene TV ikuwala kotheratu, choncho masiku ena idzadya mocheperako, komabe kusiyana kulipo ndipo kumabwera mwezi ndi mwezi. Chulukitsani ndi mtengo umene mumagulira yunitsi ku ESCOM, muone ngati mtengo wozizira uja ukhalabe wozizira pakatha chaka. Ndipo ngati mumaganiza zoti magetsi akathima muziyatsira batire ndi inveta, kapena sola yapakhomo, pulazima iiwaleni. Batire izitha msanga.

Kupsa kwa galasi nakonso kumachitika. Chinthu chikakhala malo amodzi osasuntha kwa maola ambiri, monga chizindikiro cha siteshoni pakona, kabokosi ka zigoli, kapena mzere wa nkhani woyenda m'munsi, utoto wa pamalopo umatha msanga kuposa pena, ndiye pamatsala mthunzi. Mthunzi wina ndi wakanthawi, umafufutika mukaonera zinthu zosinthasintha. Wina umakhala mpaka kalekale. N'chifukwa chake muwafunse alamu kuti TV imeneyo inkakhala kuti. Ngati inali m'nyumba ya banja, pali chiyembekezo. Ngati inali m'bala kapena pamalo olandirira alendo, yoyaka pa tchanelo chimodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, ikaneni.

Alamu asangoiona ikuonetsa filimu n'kukhutira, chifukwa chithunzi choyenda chimabisa zilema. Aionetse chithunzi choyera chokhachokha, kenako chofiira, chobiriwira, chabuluu ndi chotuwa. Angathe kuika zithunzizi pa fulashi ngati ili ndi polowetsa, kapena kulumikiza laputopu. Ayang'ane mithunzi ya zilembo, mizere yoimirira ndi timadontho tosasintha mtundu. Aisiye iyake ola lathunthu, aizimitse, aiyatsenso. Ikamazengereza kuyaka, kapena kagetsi ka kutsogolo kakamangophethira, bodi yayamba kutopa. Kaphokoso kochepa konga kulira kwa waya pa chithunzi chowala n'kachibadwa kwa pulazima, koma kakamamveka muli pampando ndi vuto. Ayesenso mabowo onse a HDMI, ndipo rimoti ibwere.

Mawu oti HD asakukomoleni. Pulazima zambiri zotsika mtengo zinali zolembedwa HD Ready, za timadontho 1024 kapena 1366 chopingasa ndi 768 chotsika. Zolembedwa Full HD ndizo za 1920 ndi 1080. Zonse ziwiri zimaonetsa bwino mukakhala mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pa galasi. Chachikulu ndi chimene mukuidyetsa. TV siyipanga yokha chithunzi cha HD, chimachokera ku dikoda ndi ku tchanelo. Mukalumikiza ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, chofiira ndi choyera, mudzaona chithunzi chomwe chija cha TV yakale, chitangokula ndi zilema zake zomwe, ndipo mudzayamba kuwadandaula alamu pachabe. Pafunika chingwe cha HDMI, dikoda yotulutsa HD ndi tchanelo choulutsa mu HD, monga ena a SuperSport pa DStv. Chingwe cha mtengo wamba chimakwana, musanamizidwe kuti chodula chimakometsa chithunzi. Dziwaninso kuti Malawi adasamukira ku kaulutsidwe ka dijito ka DVB-T2, ndipo pulazima zambiri zakale sizigwira zimenezi pazokha. Kungoimika eriyo sikuthandiza, pafunika dikoda monga ya Kiliye Kiliye kapena GOtv.

Ulendo wake ndi umene umandidetsa nkhawa koposa. Pulazima imanyamulidwa choimirira. Galasi lake ndi lalikulu ndi lolemera, ndipo ikagonekedwa chafufumimba kapena chagada m'telera, pamwamba n'kusanjikapo zikwama, imatha kusweka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Ganizirani mtunda wochokera ku Johannesburg, kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Gwirizanani ndi thiransipota musanalipire kuti ikafika yosweka wolipira ndani, ndipo muiyatse iye ali pomwepo. Pa mtengo wa abwana aja wonjezerani ya thiransipota ndi msonkho wa pachipata. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, 230 V, kungoti pulagi yawo ndi ya mano obulungira, ndiye mudzasintha.

Ikafika bwino, kuisamala sikovuta. Iikeni poti zenera lisayang'anane nayo, chifukwa galasi lake limanyezimira ndipo masana imaoneka yofooka. Imakoma madzulo, makatani atatsekedwa. Siyani mpata kumbuyo ndi pamwamba kuti izipuma. Kansalu koluka kaja kamene amayi athu amakonda kuyala pa TV kazichotsedwa ikamayaka, ndipo fumbi la m'timabowo muzilipukuta. Ya mainchesi 50 imafika makilogalamu 25 kapena kuposa, choncho pakhoma la zidina musaipachike, ndipo ikakhala pa kabati imangiriridwe kuti ana asaigwetse. Chotsani chithunzi pa Dynamic kapena Vivid muike pa Standard kapena Cinema. Mukatero mayunitsi apita ochepa ndipo galasi lichedwa kupsa. Ngati ili ndi Pixel Shift kapena Orbiter, yatsani. Ana asamaisiye itaima pa gemu kapena pa menyu ya dikoda iwo n'kupita kosewera. Gulani TV guard, chifukwa magetsi akamabwerera atathima ndi pamene mabodi amapsa, ndipo nyengo ya mvula kukayamba ziphaliwali zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe.

Mwafunsa kuti mumvere ndani. Pulazimayo itengeni pokhapokha ngati yapambana mayeso onse aja, ndalama zonse pamodzi ndi ulendo sizikufika theka la mtengo wa LED yatsopano ya msinkhu womwewo, ndipo mwavomera mumtima kuti ikafa mwina sidzadzukanso. Chimodzi mwa izi chikapereweza, mverani mayi akunyumba. Kagulani LED yatsopano, ngakhale ya mainchesi 43, m'sitolo yopereka lisiti ndi walanti yolembedwa, ndipo alamuwo muwathokoze mwaulemu chifukwa chokukumbukirani.