Musalonjeze Abwana Tsiku Lobwerera Kuchokera ku Likoma

Chaka chilichonse tchuthi cha pa 6 Julayi chikagundizana ndi Loweruka ndi Lamlungu, m'magulu a WhatsApp a anthu a m'tauni mumayamba kuwira nkhani za ulendo wa kunyanja. Ambiri amathera ku Salima kapena ku Mangochi, kumene galimoto imakufikitsa pamchenga penipeni, ukatopa n'kungoliza injini kubwerera kwanu. Koma sipalephera kupezeka wina amene ali ndi mnzake wa ku Likoma, uja wakhala akunena kuti "mudzabwere kwathu mudzadye batala," ndiye gulu lonse limagwirizana zowoloka. Kuyenderana n'kwabwino, chibale chimalimba ndi phazi, ndipo Likoma ndi malo oyeneradi kuwaona. Chimene chimalakwika n'choti anthu amawerengera kuti Lolemba madzulo akhala ali pakhomo akusita zovala za kuntchito, osafunsa eni nyanja ngati zimenezo zingatheke.

Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 18. Ngakhale ndi boma la Malawi, madzi amene azungulira chilumbachi ndi a Mozambique. Ukaima pagombe la kum'mawa mapiri a ku Cobue umawaona pafupi, pamene Nkhata Bay ali kutali, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 pamadzi okhaokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonse, kuphatikizapo a pachilumba cha Chizumulu. Ndege imatera, koma ndi ya alendo a m'malo ogona odula monga Kaya Mawa. Ife tonse njira yathu ndi ya pamadzi, ndipo mayi wa njirayo ndi Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Ndandanda imene yakhalapo kwa zaka zambiri ndi yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika pa Likoma Loweruka ikupita kumpoto, n'kudzadutsanso Lachiwiri ikubwerera kumwera. Kuchedwa ndiye sikusowa. Munthu wofika Loweruka, ngati akudalira Ilala, msangamsanga wake ndi Lachiwiri.

Msuweni wanga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, zimenezi ankazidziwa ndithu. Iye ndi anzake atatu anakwera Ilala ku Nkhotakota, akuperekezedwa ndi mnzawo wa kuntchito amene kwawo n'ku Likoma komweko. Nzeru yawo inali yoti Lolemba, lomwe linali tchuthi, adzakwera limodzi la maboti akuluakulu a anthu wamba opita ku Nkhata Bay, adzagwire basi ya usiku, Lachiwiri m'mawa aliyense ali pampando wake. Ananyamula makatoni a mowa, sipika yaikulu ndi zovala zojambulitsira zithunzi. Za ufa, shuga, mafuta ophikira kapena sopo palibe amene anaziganizira.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa alendo ambiri salizindikira khomo limene akupitako. Dothi la pa Likoma ndi lamiyala ndi mchenga. Malambe ndi mango zimakondwa, chinangwa chimayesetsa, koma chimanga chodyetsa chilumba chonse sichingatuluke pamenepo. Ufa, nyemba, tomato ndi zina zambiri zimabwera pa sitima, nkhuni zambiri zimawoloka kuchokera ku Mozambique, ndipo chilichonse chikafika pamsika wa pa Mbamba mtengo wake umakhala utanyamula ndalama ya ulendo. Mayi wa pakhomo akalandira anyamata anayi a njala ya m'tauni, amatapa m'thumba limene analiwerengera kuti lifike mwezi ukatha. Sadzakuuzani. Adzapha nkhuku, adzatuma mwana kugombe kukasaka kampango, adzakupakulirani kondowole wotentha, inu n'kumayamikira kuti anthu a kuno ndi odala, chakudya n'chosasowa.

Loweruka usiku ndi Lamlungu zinayenda bwino kwambiri. Mam'mawa anakapemphera nawo mu St Peter's Cathedral ku Chipyela, tchalitchi chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo msuweni wanga mpaka lero amasimba za kuimba kwa mmenemo. Masana anasambira, anajambulitsa pansi pa malambe, madzulo anakhala pamchenga kuonerera nyali za asodzi a usipa zikuyala panyanja. Koma asodziwo anabwerako msanga usiku umenewo. Mwera unali utayamba.

Amene sanakhalepo kunyanja amaganiza kuti mwera ndi kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni. Ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imene imalimba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo poti nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500 kuchokera kumwera kukafika kumpoto, mphepoyo imapeza bwalo lokwanira kukusa mafunde. Ikhoza kuwomba masiku angapo osapuma. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi kawirikawiri kuti asodzi ndi oyenda panyanja asamale, koma ife a kumtunda chenjezolo timalimva ngati la anthu ena.

Lolemba kutacha, boti limene ankadalira silinanyamuke. Mwini wake anati adikire nyanja igone. Bambo a pakhomopo, atate ake a mnzawo uja, munthu amene wakalambira pa nkhafi, anawaitana anyamatawo pakhonde.

"Ana anga, lero kulibe ulendo. Taonani thovu loyera uko. Gonani, Ilala ibwera, mukwere mwaulemu."

"Bambo, tamva ndithu," anayankha mmodzi, amene anali atangoyamba kumene ntchito. "Koma abwana anga sangamvetse. Ndinawauza kuti Lachiwiri ndilipo."

"Aimbireni foni. Abwana anuwo akakwiya mudzapepesa. Nyanja sapepesa."

Foni sanaimbe, poti ena mwa iwo kuntchito sananene n'komwe kuti akuwoloka nyanja. M'malo mwake anatsikira kugombe n'kuyamba kufunsafunsa, ndipo pagombe lililonse, ukaonetsa ndalama zambiri, sipalephera kupezeka munthu amene ngongole zamupanikiza. Anapeza mnyamata wa boti lamatabwa la injini imodzi. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi munalibe, injini yapadera munalibe, petulo anagula wongokwanira ulendowo. Anagwirizana mtengo, nakatenga zikwama.

Chimene chimandipweteka m'nkhani yonseyi ndi ichi. Mwambo wathu sulola kuti mlendo achoke yekha. Bambo aja ataona kuti alendo atsimikiza, sakanatha kuwamanga miyendo, komanso sakanatha kuwasiya m'manja mwa munthu wachilendo. Mnzawo uja anakwera nawo chifukwa cha manyazi, poti ndiye anawaitana. Kenaka bamboyo anatuma mwana wake wamng'ono, mnyamata wodziwa nyanja, kuti akathandize woyendetsa. Choncho liuma la alendo linakweza ana awiri a nyumba imodzi m'boti limene bambo wawo analikana. Mayi anawapatsira usipa wouma m'thumba, osalankhula kanthu.

Poyamba chilumba chinkawatchinga, ndiye ankaseka, wina akujambula vidiyo. Atangotuluka pamtetete nyanja inasintha. Mafunde ankabwera cham'mbali, boti likakwera pamwamba injini inkalira mopanda madzi, likatsika madzi n'kukhuthukira mkati. Mnyamata wamng'ono uja anadula chigubu pakati napatsa aliyense chokapira. Msuweni wanga akuti anakapa madzi mpaka manja anachita dzanzi, akusanza pomwepo, osaona kuti madziwo akuchepa. Kenaka funde lina linamiza injini, ndipo inazima.

Boti lopanda injini pa mwera limatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde, ndipo kugubuduzika kumayambira pamenepo. Woyendetsa anakuwa kuti ataye katundu. Sipika inapita, makatoni a mabotolo anapita, zikwama ziwiri zinapita, ndi thumba la usipa la mayi lija. Mnyamata wa pakhomo uja ndiye anagwira nkhafi kuwongolera mutu wa boti ku mafunde, akulamula akuluakulu a madigiri awo kuti akhale pansi penipeni ndipo asasunthe. Uja wa abwana ankangoitana mayi ake. Mafoni anali atanyowa, ndipo imodzi imene inatsala inalibe netiweki. Woyendetsa anamasula pulagi, kuipukuta ndi malaya ake amkati, kukoka chingwe, kumasulanso, kukokanso, mpaka dzuwa linapendeka. Injini italira, za Nkhata Bay panalibenso amene anazitchula. Analoza pa Chizumulu, nafika kutada, anthu a pagombe akuwakokera kumtunda n'kuwafunsa kuti ndani wawalola kunyamuka tsiku lotere.

Ku Likoma uthenga unafika mochedwa. Usiku wonsewo mayi uja anali pagombe ndi amayi anzake, bambo akuyenda uku ndi uku kufunsa amene ali ndi foni ya wachibale wa pa Chizumulu kapena ku Nkhata Bay. Pachilumba nkhani siichedwa. Pofika m'mawa mudzi wonse unali utamva kuti alendo a kwa uje atenga ana awiri.

Anthu a ku Likoma akamaopa nyanja amakhala ndi zifukwa zimene zili m'mbiri ya mpingo wawo womwe. Chauncy Maples anali mmodzi wa amishoni a UMCA amene anakhazikitsa ntchito pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo nyanjayi ankaidziwa. Mu 1895 anadzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma. Pa 2 Seputembala chaka chomwecho, ali paulendo wopita kukayamba ntchitoyo, boti lake linagubuduzika pa namondwe kumwera kwa nyanja, ndipo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda ake ali ku Nkhotakota, pa Likoma sanafikenso. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomweyi ya mwera, sitima ya Vipya, yatsopano, yachitsulo, inamira kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati nyanja inameza sitima yotero, boti lamatabwa la injini imodzi lingalimbe bwanji? Mkulu wa pachilumba akati lero ayi, zimenezi amakhala akuzidziwa, pamodzi ndi maliro ena ambiri a asodzi amene sanalembedwe m'buku lililonse.

Anyamata aja anagona pa Chizumulu kwa anthu osawadziwa, atavala zobwereka. Ilala inabwera mochedwa, ndipo popeza ikamachokera ku Nkhata Bay imayamba yaima pa Chizumulu kenaka pa Likoma, inawabweretsanso pamalo pomwe anathawa paja. Mnyamata wamng'ono anatsika. Bambo ake anali pagombe, ndipo anangokweza dzanja kupatsa moni alendo ali m'sitima, osawonjezera mawu. Kuntchito anafika Lachinayi. Abwana aja, amene ankaopedwa kuposa mwera, anangofunsa ngati onse ali moyo, nadula masikuwo pa tchuthi chawo cha pachaka.

Zotsala zinagwera a pachilumba. Injini ya boti ija inafunika kukonzetsa, ndipo mwini wake, amene sanali mnyamata woyendetsa uja, anakadandaula kwa bambo a pakhomo paja poti alendowo anali awo. Anyamata a ku Lilongwe anasonkha ndalama n'kutumiza pafoni, koma mlandu wokhala pansi ndi kupepesa anausenza ndi mkulu amene anawaletsa. Mnzawo uja akugwirabe nawo ntchito, amapatsana moni bwinobwino, koma sanaitanenso munthu wa kuofesi kwawo.

Ena adzati vuto ndi la mayendedwe, kuti boma likanaika sitima zokwanira anthu sakanakwera maboti osayenera. N'zoona, ndipo anthu a ku Likoma akhala akudandaula zimenezi kwa zaka zambiri, makamaka Ilala ikaima kuti ikonzedwe, pamene odwala, ana a sukulu ndi amalonda amasowa pogwira. Iwowo nthawi zina amakwera boti loipa chifukwa alibe kuchitira mwina. Koma munthu wopita kukacheza, wopanda wodwala, wopanda maliro, amene akungothamangira kukasaina buku la kuntchito, alibe chifukwa choikira moyo wake ndi wa ana a eni ake pachiswe. Ameneyo ine sindimuikira kumbuyo.

Choncho inu amene mnzanu wa ku Likoma wakuitanani, pitani ndithu, musakane. Koma pemphani tchuthi cha mlungu wathunthu, ndipo abwana muwauze zoona kuti mukuwoloka nyanja ndipo tsiku lobwerera likhoza kusuntha. Funsani za ulendo wa sitima mlungu womwewo, osadalira zimene munamva chaka chatha. Nyamulani thumba la ufa, shuga, mafuta ndi sopo, mowa ubwere pambuyo, ndipo m'thumba mukhale ndalama yapadera ya masiku amene simunawawerengere. Boti lopanda majekete musakwere, ngakhale woyendetsa alumbire motani. Ngati muli ndi ana aang'ono, miyezi ya Juni ndi Julayi ilekeni ipite. Ndipo bambo a pakhomo akakuuzani kuti lero kulibe ulendo, bwezani chikwama m'nyumba, muimbire foni kuntchito.