Kukhazika Mtima pa Matenda a Mgonagona

Munthu wodwala matenda a mgonagona, monga shuga, khansa kapena mphumu, savutika m'thupi mokha ayi. Mtima wake umalirira masiku athanzi amene anapita, ndiponso umaopa zamawa. M'menemo ndimo mumachokera nkhawa ndi chisoni chosatha, zimene zimamulanda tulo ndi kumutayitsa mtima.

M'chaka cha 1979, Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a masabata 8 pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ku America. Pa maphunzirowa odwala amazolowera kukhala chete ndi kuika maganizo pa mpweya umene akupuma. Maganizo akathawira kwina, amawabweza mofatsa, osadzidzudzula. Madokotala apeza kuti njirayi imachepetsa nkhawa ndi chisoni mwa anthu ambiri, ngakhale kuti siichotsa nthendayo.

Eklezia nayenso ali ndi njira yofanako. Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anagona nthawi yaitali atathyoka mwendo pa nkhondo ku Pamplona mu 1521, anaphunzitsa kupemphera motsata mpweya. Pa kupuma kulikonse, munthu atchule mumtima liwu limodzi la pemphero la Atate Athu, ndi kusinkhasinkha tanthauzo lake kufikira atapumanso. Motero Mkhristu sakhala chete payekha, koma pamaso pa Mulungu amene ali naye tsiku lalero.

Tsono mkatekisiti akapita kukazonda wodwala, asachulutse mawu. Akhale naye pansi, amuphunzitse pempheroli, kuti azilichita yekha tulo tikamusowa. Komabe wodwala asaleke mankhwala. Ndipo akayamba kulankhula zodzipha, abale amuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, nadziwitsenso Bambo Mfumu.