Utoto Uli Pabwalo Panu

Ana inu, pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo a zaumoyo anatiuza kuti tizikhala motalikirana, osaunjikana pa mpira kapena pa phada. Ndikudziwa kuti pakhomo pakutopetsa. Ambiri mukuti simungajambule kanthu chifukwa mulibe makrayoni ndi penti wa m'sitolo. Chifukwa chimenecho ine sindikuchilandira, ndipo phunziro la lero likuonetsani kuti penti mungapange nokha.

Penti aliyense ali ndi mbali ziwiri. Pali fumbi lopereka mtundu, ndipo pali chomata chimene chimagwiritsa fumbilo pa pepala kapena pa khoma. Mukadziwa zimenezi, dothi la kuseri kwa nyumba mudzayamba kuliona ndi maso ena.

Yambani ndi katondo. Dothi limeneli n'lofiira chifukwa muli chitsulo chimene chinachita dzimbiri. Tapani manja awiri, muliyanike, mulipere pa mwala mpaka lisalale, kenako mulithire m'chitini cha madzi n'kutakasa. Dikirani pang'ono. Mchenga, poti ndi wolemera, uthamangira pansi, pamene fumbi losalala litsala likuyandama m'madzi. Tsanulirani madzi ofiirawo m'chitini china, mchenga utsale, ndipo muwasiye usiku wonse. M'mawa mupeza madzi oyera pamwamba ndi matope osalala pansi, oterera pakati pa zala popanda kamchenga ngakhale kamodzi. Matope amenewo ndiwo utoto wanu. Apa m'pamene ambiri amalephera chifukwa cha phuma: amatapa dothi n'kupaka pomwepo, mchenga ukukanda pepala, kenako amati dothi silijambula.

Chitani chimodzimodzi ndi dothi lachikasu, loyera ndi lakuda la kudambo. Dothi lachikasu lili ndi chinsinsi chake. Mukaliika pa phale n'kuliwotcha pa moto, limafiira, chifukwa moto umachotsa madzi amene anagwirana ndi chitsulo chija. N'chifukwa chake njerwa zimalowa mu uvuni zotuwa n'kutuluka zofiira. Mtundu wakuda mupeza popera makala, kapena popala mwaye kunsi kwa mphika.

Tsopano chomata. Pemphani amayi supuni imodzi ya ufa wa chinangwa, muphike phala lamadzimadzi kwambiri, lizizire. Sakanizani pang'ono ndi utoto wanu, mupake pa katoni, ziume. Kenako pititsani chala pamwamba. Ngati chala chafiira, chomata chachepa. Ngati utoto ukung'aluka n'kumasupuka, chachuluka. Muyeso wake sindikupatsani, chifukwa dothi la ku Dedza si la ku Nsanje. Aliyense ayese lake, alembe m'kope zimene wapeza. Phalali musapange lambiri, limasasa pakapita masiku ochepa. Burashi ndi kamtengo kauwisi kamene mwakaphwanya kunsonga ndi mwala, kapena nthenga ya nkhuku yojambulira mizere yopyapyala. Pojambulapo ndi makatoni, mapepala a matumba a simenti, kapena kuseri kwa kalendala yakale.

Musaganize kuti iyi ndi njira ya anthu osowa. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, amati ndi za Akafula, alenje amene ankakhala kuno kale. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi Nyau. Anthu amenewa sanagule penti. Anagwiritsa ntchito dothi, n'kusankha mapanga amene mvula siwomba, ndipo ntchito yawo ikuonekabe lero. Ngakhale agogo anu akamazira nyumba, n'kukongoletsa khoma ndi dothi la mitundu iwiri kapena itatu, akuchita luso lomwelo. Afunseni kumene amatapa dothi loyera. Muli nawo pakhomo tsiku lonse, ndipo mwina simunawafunsepo.

Utoto wa zomera uli ndi khalidwe lina. Wiritsani chidede m'madzi ochepa, mupeza madzi ofiira kwambiri. Agaweni pawiri. Mbali imodzi dontheziranimo ndimu, muona kufiira kukuwala. Mbali inayo dontheziranimo chidulo, chomwe chija timatcheza ku phulusa pophika therere, muona mtundu ukusintha n'kuyamba kubiriwira. Ameneyo ndi sayansi weniweni, woyesa asidi ndi alikali, ndipo mwamuchitira m'khitchini. Koma pakani chidede ndi katondo pa katoni imodzi, muiike padzuwa sabata yathunthu. Chidede chizilala, katondo akhala momwemo. Dzuwa limawononga utoto wa zomera, koma dzimbiri silingalifufute.

Amene mtima wawo suli pa kujambula, dongo lilipo, mapesi alipo, mawaya opangira galimoto alipo. Chimodzi chokha kwa oumba: ng'ombe yanu yadongo muyanike pamthunzi, osati padzuwa, kuti iume pang'onopang'ono, ndipo musaiwotche isanaumitsitse, chifukwa madzi otsalira mkati amasanduka nthunzi n'kuiphulitsa. Zilizonse za moto muchite pali munthu wamkulu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti luso limakoma pagulu, ndipo mudzafuna kuitana anzanu. Musatero. Aliyense akhale ndi zitini zake ndi burashi yake, osabwerekana, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanayambe ndi pomaliza. Ngati mukufuna mnzanu aone, imikani katoni pa mpanda, aonere patali.

Ntchito yanu ndi iyi. Pezani mitundu inayi ya utoto kuchokera pakhomo panu, mupake timabokosi m'mphepete mwa katoni, ndipo pansi pa kalikonse mulembe kumene mwautenga ndi chomata chimene mwathira. Pakati pa katoniyo jambulani chinthu chimodzi chimene mukuchiona mutakhala pakhonde, kaya nkhokwe, kaya mtondo ndi munsi, mochiyang'ana chenichenicho, osati cha m'mutu. Muisunge pouma, pamene chiswe sichifika, ndipo mudzabwere nayo tsiku lotsegulira sukulu.