Phunziro: Kukhala ku Lunzu, Kunja kwa Blantyre

Anzanga, ambiri a ife a kuno ku Kapichira timalakalaka kukakhala ku Blantyre tikatsiriza sukulu. Tsono tiyeni tiphunzire za Lunzu, pa msewu wa M1 kumpoto kwa mzindawo.

Anthu ambiri amagona kumeneko chifukwa lendi ya nyumba ndi yotsikirapo, ndipo ena amalimako chimanga. Koma ntchito amagwira ku Blantyre ndi ku Limbe, matauni amene anaphatikizidwa mu 1956. Motero amalawirira kukakwera minibasi, nabwerako kutada, ana atagona kale. Kawirikawiri ndalama imene yatsala pa lendi imathera pa ulendo.

Chifukwa chake, musanasankhe nyumba muziyamba mwawerengera mtunda, nthawi ndi mtengo wa minibasi pamwezi.