Njanji ndi Phiri

Ana inu, ndani anaonapo sitima ya pamtunda? Kuno ku Chifunde kulibe njanji. Ife timaona njinga, ngolo ndi magalimoto basi. Koma ku Moatize, m'cigawo cathu comwecino ca Tete, njanji iliko. Pa Cipwitikizi sitima imeneyi amati comboio.

Sitima ndi yolemera kwambiri. Magudumu ake ndi acitsulo. Njanji nayonso ndi yacitsulo. Citsulo pa citsulo cimaterera. N'cifukwa cake sitima siikwera phiri monga ikwerera mbuzi. Imafuna njira yokwera pang'onopang'ono.

Nanga phiri likatseka njira? Omanga njanji amalizungulira. Pena amalidula pakati. Pena amaliboola, sitima n'kumadutsa mkati mwake, mumdima.

Ku America anapanga kanema wa nkhani yotere mu 1947. Dzina lake ndi Tycoon. M'kanemayo John Wayne ndiye mkulu wa omanga njanji m'mapiri a Andes. Iye ndi anzake aboola phiri, koma miyala igwa n'kutseka dzenjelo. Kenaka amanga mlatho. Imeneyi ndi nkhani yopeka cabe. Yathu ya kuno inacitikadi.

Kwathu cinabvuta kwambiri ndi mtsinje wa Zambezi. Ndi waukulu zedi, ndipo umadzaza nthawi ya dzinja. Anthu anamanga mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara. Unatsegulidwa mu 1935. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 3 ndi theka. Kuti uwoloke wapansi, miyendo imatopa! Njanji inafika ku Moatize mu 1949. Sitima zinayamba kunyamula malasha kupita ku doko la Beira. Pa nthawi ya nkhondo mlathowo unaonongeka, sitima zinaleka kuyenda. Pambuyo pake anaukonzanso. Tsopano ilipo njanji inanso, yocoka ku Moatize, yodutsa m'Malawi, mpaka ku Nacala.

M'kanema timaona nkhope ya mkulu wa nchito. Nanga amene anakumba dothi ndi kusenza miyala pamutu anali yani? Anali anthu a m'midzi ngati yathuyi. Nthawi ya Apwitikizi ambiri ankagwidwa kukagwira cibalo pa miseu ndi pa njanji. Ankasiya minda ndi ana ao kumudzi.

Tiwerenge pamodzi:
nja nje nji njo nju
njanji, njinga, njira, njovu

Tiyankhe: N'cifukwa ciani sitima siikwera phiri monga mbuzi? Mlatho wa Dona Ana uli pa mtsinje uti?

Tisewere: Umbani phiri la dothi pabwalo. Ikani timitengo tiwiri ngati njanji. Kodi mudutsa pati?

Kwa makolo: Madzulo khalani ndi mwana wanu, akuwerengereni mau anayi aja. Ngati agogo akudziwa wacibale amene anapita ku cibalo, amuuze mwanayo dzina lake ndi kumene anakagwira nchito. Mawa adzatiuze m'kalasi.